Papa ali ndi mawu, koma alibe chikoti

Nkhondo ikangobuka kulikonse, funso lomwe ndimalandira m'kalasi, pa maliro, ngakhale m'minibasi munthu akadziwa kuti ndimaphunzitsa za ubale wa mayiko, limakhala lomwelomwelo: "Nanga Papa wangokhala chete bwanji? Bwanji osangowauza asiye?" Ena amachita kunditsimikizira kuti mapulezidenti onse amalandira malamulo kuchokera ku Rome mwakachetechete. Ndatopa nazo zonse ziwiri. Papa sangaletse nkhondo ndi mawu amodzi, ndipo salamulira dziko mobisa. Mphamvu ali nayo, koma ndi yonga ya nkhoswe. Nkhoswe imayanjanitsa banja lomwe likufunabe kukhalira limodzi. Ngati mwamuna wamanga kale katundu, nkhoswe imangotha mawu.

Vatican ndi kadziko ka mahekitala 44, kochepa kuposa minda ya tiyi yambiri ya ku Thyolo. Asilikali ake a ku Switzerland aja ndi olondera Papa ndi mageti basi. Ku United Nations likulu la Mpingo lili ndi mpando kuyambira 1964, limayankhula, koma siliponya voti. Chomwe lili nacho ndi akazembe, chifukwa lili pa ubale ndi mayiko oposa 180, komanso ansembe ndi masisitere omwe ali m'midzi momwe kazembe wa America sanapondemo. Papa amamva zinthu msanga, ndipo foni yake atsogoleri ambiri saikana. Koma kuyankha foni ndi kumvera n'zosiyana.

Pomwe zinayenda bwino, onani chomwe chinalipo. Mu December 1978 Argentina ndi Chile zinatsala pang'ono kumenyana polimbirana tizilumba ta ku Beagle Channel. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anatumiza Kadinala Antonio Samorè, ndipo pangano linasainidwa ku Vatican mu 1984. Zaka zisanu ndi chimodzi za misonkhano, Samorè mwiniwake anamwalira mu 1983 asanaone mapeto ake. Mayiko onse awiri anali a Akatolika ambiri, ndipo akuluakulu a asilikali omwe ankalamulira amafuna njira yobwerera m'mbuyo popanda kuchita manyazi. Kugonjera mdani n'kovuta, koma kunena kuti "tamvera Papa" n'kosavuta. N'chimodzimodzi Cuba ndi America mu 2014: Papa Francis analembera Barack Obama ndi Raúl Castro makalata, nthumwi zinakumanako ku Vatican, koma anthuwo anali atayamba kale kukambirana mobisa ku Canada.

Tsopano onani 2003. Yohane Paulo yemweyo, munthu amene ulendo wake wa ku Poland mu 1979 unagwedeza boma la chikomyunizimu, anakana poyera nkhondo ya ku Iraq. Anatumiza Kadinala Roger Etchegaray kwa Saddam Hussein mu February, ndi Kadinala Pio Laghi kwa George W. Bush mu March. Laghi anali mnzawo wa banja la a Bush kuyambira kale. Anamulandira mwaulemu, anamumvetsera, ndipo pa 20 March mabomba anayamba kugwa ku Baghdad.

Nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya South Sudan. Pa 11 April 2019, atsogoleri a dzikolo ali ku Vatican pa m'bindikiro wa mapemphero, Papa Francis anachita chinthu chomwe ngakhale omuthandiza ake sanachiyembekezere. Nkhalamba ya zaka 82, yovutika kale ndi mwendo, inagwada pansi movutikira n'kupsompsona nsapato za Pulezidenti Salva Kiir, kenako kudzutsidwa, kukagwadanso kwa mdani wake Riek Machar, ndi kwa enanso omwe analipo. Mukaonera kanema wake mumamva mpweya wake ukutuluka mobanika. Kiir ndi Mkatolika wopita kutchalitchi. Nkhondo yomwe awiriwa anayambitsa mu December 2013 inali itapha kale anthu pafupifupi 400,000, malinga ndi ofufuza.

Ine tsiku limenelo ndinauza ophunzira anga kuti chithunzi ichi chisintha zinthu. Ndinalakwitsa, kapena ndinene kuti ndinalondola theka. Boma la mgwirizano linakhazikitsidwadi mu February 2020. Koma mu February 2023 Papa, ali pa njinga ya olumala, anayenera kupita iye mwini ku Juba, likulu la dzikolo, pamodzi ndi Justin Welby wa Anglican ndi Iain Greenshields wa Church of Scotland, kukawadzudzula pamaso kuti lonjezo lija silinakwaniritsidwe. Chisankho chakhala chikusunthidwa. Mu March 2025 Machar anatsekeredwa m'nyumba mwake, ndipo mwezi wotsatira Francis anamwalira. Munthu angachitenso chiyani choposa kupsompsona phazi? Panalibe chomwe akanawalanda, analibe ndalama zoti awamane, analibe asilikali oti awaopseze nawo. Anali ndi manyazi okha oti awachititse, ndipo pali anthu ena manyazi sawagwira.

Ife kuno timakonda kunena kuti Mpingo wa Katolika ndi umene unagwetsa chipani chimodzi, ndipo ena amafulumira kuika dzina la Papa pamenepo chifukwa Yohane Paulo Wachiwiri anabwera ku Malawi mu May 1989. Ulendowo unalimbitsa anthu mtima, sindikana. Koma kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 analemba ndi maepiskopi a konkuno. Omwe anakafunsidwa ndi apolisi anali iwowo, a James Chiona ndi anzawo, ndipo amene anathamangitsidwa m'dziko anali a John Roche a ku Mzuzu. Omwe anayenda m'misewu anali ophunzira ndi ogwira ntchito, ndipo omwe anatseka thumba la chithandizo anali mayiko opereka ndalama. Kwa anansi athu ku Mozambique, pangano lomwe Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina ku Rome pa 4 October 1992 analiyendetsa ndi gulu la akhristu eni ake la Sant'Egidio, Episkopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndi nthumwi ya boma la Italy, patatha zaka ziwiri akukambirana. Rome inapereka mthunzi. Olima anali ena.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akuti tidikire Papa ayankhule. Mukudikira chiyani? Nkhani ya ufulu, ya katangale, ya chisankho ikayamba kuwola, nthawi yoigwira ndi yomweyo, ndipo oigwira ndi omwe ali pafupi. Mawu a ku Vatican amabwera mochedwa komanso mosamala kwambiri, mwadala, chifukwa amaganizira Akatolika a mbali zonse ziwiri za mkangano. Ndi chifukwa chomwecho anthu a ku Ukraine anakhumudwa kangapo ndi Francis, poona kuti sankafuna kutchula Vladimir Putin ndi dzina. Kadinala Matteo Zuppi, yemwe uja anali nawo pa zokambirana za Mozambique ali wansembe wachinyamata, atatumidwa ku Kyiv ndi ku Moscow mu June 2023 sanabwere ndi mtendere. Ntchito yomwe inatheka inali yothandiza pa nkhani ya ana otengedwa ndi akaidi a nkhondo.

Ndipo chonde, samalani ndi azitsamba a pa WhatsApp. Anthu akamakhulupirira kuti Papa ndiye mwini dziko, akuba amapezerapo msika. Mu 2016 kunafala nkhani yabodza yoti Francis wavomereza Donald Trump pa chisankho. Mu May 2025, Papa Leo XIV asanathe ngakhale mwezi pa mpando, kunatuluka kanema wa mphindi zoposa 30 womuonetsa akuyamikira Ibrahim Traoré, mtsogoleri wa dziko la Burkina Faso. Milomo imayenda, mawu ngati akedi, koma zonse zinali zopangidwa pa kompyuta, ndipo Vatican News inachita kulengeza kuti n'zabodza. Kanemayo ndinamulandira katatu tsiku limodzi, kamodzi kuchokera kwa munthu wa digiri. Palinso aneneri ena omwe Papa akangogwirana chanza ndi pulezidenti amayamba kuwerengetsa manambala a chilombo, kenako n'kuyendetsa mbale ya chopereka.

Zonse zomwe Papa wayankhula pagulu zimaikidwa pa tsamba la Vatican tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndi deti lake. Ngati mawuwo mulibe m'menemo, musatumize kwa ena, ndipo musatumize kwa ine.