Ayi, America sinathetse ubale ndi South Africa chifukwa cha bilu

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp. Akuti aphungu a ku America "avomereza lamulo" lothetsa ubale ndi South Africa chifukwa chokondana ndi China ndi Russia, ndipo abale athu a ku Joni ayambe kulongedza.

Mkangano ulipodi. Mu February 2023, asilikali apamadzi a South Africa adachita zokonzekera nkhondo limodzi ndi a Russia ndi China, ndipo ku Washington sizidawakomere. Mu 2024 aphungu ena a ku America adabweretsa bilu yoti boma liunikenso ubalewu. Idadutsa ku komiti yoona za maiko akunja, koma nthawi ya nyumba ya malamulo ya America idatha mu January 2025 isanakhale lamulo. Ina yofanana nayo idabweranso mu 2025.

Apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Komiti ikavomereza, ulendo ukadali wautali: bilu iyenera kudutsa m'nyumba ya aphungu 435, kenako ku nyumba yachiwiri ya malamulo yotchedwa Senate ya anthu 100, pomaliza pulezidenti asayine. Ndipo mawu ake ndi "kuunikanso", osati "kuthetsa". Za mapepala a Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg, amagamula ndi a Home Affairs a ku South Africa, osati Washington.

Mukalandira uthenga wotere, yang'anani deti kaye, poti nthawi zambiri ndi nkhani yakale yongotenthetsedwa ngati nsima yogona. Lembani dzina la biluyo pa congress.gov, tsamba la pa intaneti la nyumba ya malamulo ya America, muona pomwe yafika. Ngati sipadalembedwe kuti yakhala lamulo, chonde musautumize kwa ena.