Mngoni wolankhula Chichewa ndi Mngoni ndithu

Anthu a ku Ntcheu ndi a kwa Kachindamoto ku Dedza akapita kukakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre sachedwa kukumana ndi funso ili: "Mukuti ndinu Angoni, nanga Chingoni chanucho chili kuti?" Wofunsayo amaona ngati wamugwira pakhosi mnzakeyo. Akuluakulu amangoseka n'kupitiriza nkhani zina, koma achinyamata ambiri funsoli limawakhala mumtima, mpaka ena amayankha motsitsa mawu kuti, "Aaa, ifetu ndi Angoni a dzina chabe." Ntchito yanga ndi yophunzitsa ndi kufufuza mmene anthu amadzidziwira kuti iwo ndi yani, payekhapayekha komanso m'magulu, ndipo yankho limeneli limandipweteka ndikalimva, chifukwa si loona.

Angoni a Maseko ananyamuka kummwera, kudera lomwe lero ndi Eswatini, m'zaka za m'ma 1820, nthawi ya nkhondo za m'masiku a Shaka. Anawoloka Zambezi, anadutsa kuno, n'kukafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania akutsogoleredwa ndi Mputa. Kumeneko zinthu zitavuta anabwerera ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika mozungulira phiri la Domwe, ku Angonia. Gulu limene linafika ku Domwe silinali lija linanyamuka. Ponse pomwe linadutsa linkawonjezera anthu: ogwidwa pankhondo, othawira kwa iwo kudzafuna chitetezo, akazi okwatiwa, ana. Munali Antumba, Achewa ndi ena ambiri a m'njira. Mnyamata wogwidwa ankalowa m'gulu la ankhondo, ndipo akaonetsa chamuna ankatha kukwera mpaka kukhala nduna. Tsono mwana amaphunzira kulankhula ali kumsana kwa amake, ndipo amayi ambiri m'midzi imeneyo anali olankhula Chinyanja. Patangodutsa mibadwo iwiri kapena itatu, Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma, m'mawu otamandira mafumu ndi m'mayina. Margaret Read, mayi wa ku Britain amene anakhala pakati pa Angoni akufufuza za moyo wawo m'zaka za m'ma 1930, anapeza kale kuti pakhomo ndi pamunda anthu a kwa Gomani akulankhula Chinyanja. Ndiye kuti agogo a agogo athu ambiri, amene palibe angawakanire ungoni wawo, nawonso Chingoni sankachilankhula tsiku ndi tsiku.

Chimene tikuphunzira apa n'chakuti ungoni kuyambira pachiyambi unali wolowamo. Munthu ankalowa povomera mfumu, pogwira chishango limodzi ndi anzake, potsata mwambo. Magazi anali mbali imodzi yokha.

Mu 1969 katswiri wina wa ku Norway, Fredrik Barth, anatembenuza kaganizidwe ka ofufuza pa nkhani ya mitundu. Iye asanalembe, ambiri ankati ukafuna kudziwa mtundu werenga katundu wake: chilankhulo, zakudya, zovala, magule. Barth anaona kuti katunduyo amasintha nthawi zonse, anthu amabwerekana, amakwatirana, amasamuka, koma mtundu umakhalapobe. Chimene chimausunga ndi malire, ndiko kuti njira zomwe eniake ndi anansi awo amadziwira kuti uyu ndi wathu, uyu ndi wa uko. Zili ngati dimba la ku Tsangano: chaka chino muli kabichi, chaka chamawa kachewere, koma aliyense m'mudzimo amadziwa pomwe lalekezera ndi mwini wake.

Malire amenewa ku Ntcheu amaoneka bwino pamaliro. Khalani pansi pamtengo ndi madoda mumve mmene mlendo amafunsidwira. Sayamba ndi dzina lake la pachitupa. Amayamba ndi kumudzi: kwa Njolomole kodi, kwa Kwataine, kwa Ganya, kwa Makwangwala? Kenako mfunda. Akangoti Ngozo, wina amawomba m'manja, mwina n'kuloza mayi wina kuseli kuti uyo ndi Nangozo, mlongo wanu. Chakudya chikabwera, wothokoza sanena dzina la mwini nyumba, amatchula mfunda wake. Ngati womwalirayo anali wamkulu, amuna amatuluka ndi zishango ndi zibonga, ngoma n'kuyamba, phazi kugunda pansi mpaka fumbi kobo, popanda chigoba cha gule kuoneka. Zonsezi zachitika m'Chichewa, koma munthu wochokera kwa Kaphuka ku Dedza, kumene maliro a mkulu wa kudambwe amaperekezedwa ndi zilombo, sangasokonezeke. Amadziwa kuti wafika kwa Angoni.

Nkhani imakoma kwambiri tikafika pa ukwati. Ufumu wa Gomani umatsata kuchimuna, koma m'midzi yambiri ya ku Ntcheu anthu anatengera chikamwini, munda n'kumachokera kuchikazi. Taganizani mwana amene bambo ake ndi a Maseko, mayi ake ndi Naphiri wa ku Linthipe. Mfunda watenga kwa bambo. Munda ndi mawu pamilandu ya pabanja zili kwa amalume ake, amene amamuwerenga m'mbumba yawo. Akanena kuti ndi Mngoni sananame, akanena kuti ndi Mchewa sananamenso. Vuto limabwera ndi pepala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 34 ndi Achewa ndipo pafupifupi 10 ndi Angoni, koma wolemberayo amalandira yankho limodzi pa munthu mmodzi. Mwana uja amasankha, kapena amasankhiridwa ndi amene wapezeka pakhomo tsikulo, ndipo theka la mbiri yake silifika m'buku. Manambala amenewa ndi othandiza, ine ndimawagwiritsa ntchito, koma ndimawawerenga ndikudziwa kuti ndi mayankho a anthu, osati zotsatira za kuyeza magazi.

Munthu mmodzi amanyamula maina ambiri a magulu, ndipo lomwe limatuluka pamwamba limatengera amene wafunsa ndi malo ake. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire a dziko: tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique, potsatira pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lomwe linadula anthu a Maseko pakati. Mayi wogulitsa tomato pamenepo amawoloka msewu kangapo patsiku osaganizako za dziko. Pamzere wa feteleza wotsika mtengo, chitupa cha unzika chija tinalembetsa mu 2017 chili m'manja, iye ndi Mmalawi, ndipo msuweni wake wa tsidya ilo ndi mlendo. Lachinayi akavala yunifolomu ya Chigwirizano ndi mayi wa mpingo. Mwana wake akakhala ku Johannesburg, za kwa Mpando kapena kwa Masasa palibe amazifunsa, onse ochokera kuno amangokhala abale. Nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa, Malawi anasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni mtendere usanabwere mu 1992, ndipo ambiri anakhala m'midzi ya ku Dedza ndi Ntcheu pakati pa abale awo. Harri Englund, amene anafufuza m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angonia nthawi imeneyo, anaonetsa kuti dzina loti "wothawa kwawo" silinkafotokoza zambiri za moyo wa munthu kuposa ubale, ukwati ndi ngongole za chifundo zimene anali nazo mbali zonse ziwiri.

Komatu magulu ali ndi mano. Henri Tajfel, Myuda wobadwira ku Poland amene abale ake ambiri anaphedwa m'nthawi ya Hitler, anathera moyo wake akufunsa chomwe chimachititsa anthu wamba kukondera awo n'kupondereza ena. Cha m'ma 1970 ku Bristol, anatenga anyamata a sukulu imodzi n'kuwagawa pawiri. Anawauza kuti wawagawa potengera zithunzi zomwe aliyense wakonda, za wojambula uyu kapena uyo, pomwe zoona zake anangowagawa mwachisawawa. Mnyamata aliyense ankakhala payekha, osadziwa amene ali m'gulu lake, n'kupatsidwa mwayi wogawira ena timakobiri, iye mwini osapindulapo kanthu. Anyamatawo ankapatsa zambiri a gulu lawo. Chodabwitsa kwambiri, nthawi zambiri ankalolera kuti gulu lawo lipeze zochepa, bola kusiyana ndi gulu linalo kukule. Panalibe mbiri ya udani, panalibe munda wolimbirana. Dzina la gulu lokha linakwanira. Tajfel ndi mnzake John Turner anafotokoza kuti gawo lina la ulemu umene munthu amadzipatsa limachokera ku gulu lake, ndiye amafuna gululo lioneke loposa. Amene anaonapo abale a bere limodzi atasiya kulankhulana tsiku lomwe Maule akumana ndi Manoma akudziwa zimenezi.

N'chifukwa chake mabungwe ndimawayang'ana ndi maso awiri, chifukwa ndiwo amapatsa anthu maina ndi yunifolomu. Mishoni zitafika, ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, zinabweretsa malire atsopano amene anadutsa pakati pa mabanja: wa kalasi ndi wa kudambwe, mpaka a gule anayamba kutchedwa a mpingo wa Aroni. Patapita zaka, pa Mua pomwepo, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo mpingo womwe kale unkalimbana ndi zilombo unayamba kusunga zigoba zake ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao pamalo amodzi. Boma nalo lili ndi dzanja lake. Fomu iliyonse imafuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ngakhale kwa mwana wobadwira ku Ndirande amene ku Bilira anangopitako kumaliro. Pamene malo a ku yunivesite ankagawidwa potengera maboma, mzere umenewo unkatha kusintha tsogolo la mwana.

Mabungwe a chikhalidwe, monga Chewa Heritage Foundation, Mulhako wa Alhomwe ndi la Angoni a Maseko, achita zambiri zabwino. Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo, pamanda a Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi Angelezi mu 1896, wabwezeretsa mbiri kwa ana omwe sakanaimva kusukulu. Nkhawa yanga imabwera andale akayamba kuwerenga khamulo ngati mavoti, kapena bwana akayamba kusankha olemba ntchito potengera nsalu yomwe anavala pamwambo. Pamenepo zija za anyamata a ku Bristol zimayamba kuchitika ndi ndalama zenizeni. Mbiri ya Ntcheu imene ili ndi chitsanzo china. Mu 1953 Gomani II anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe a atsamunda, ndipo anachotsedwa paufumu n'kumwalira chaka chotsatira. Analimbana ngati mfumu ya Angoni, koma ankamenyera dziko lonse. Ungoni ndi umalawi mwa iye sizinkakankhana.

Za wailesi ndidutsapo mwachangu. Mu 1968 Chichewa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko ndi cha pa wailesi, dzina la Chinyanja linasiyidwa, ndipo anthu anayamba kulumikiza chilankhulochi ndi mtundu umodzi, ngakhale kuti olankhula ndi a mitundu yambiri. Funso lonyoza Angoni a ku Ntcheu lija linakulira pamenepo.

Lero wailesi yaikulu ili m'thumba. Magulu a pa WhatsApp a anthu ochokera dera limodzi amasonkha ndalama za bokosi ndi galimoto maliro akagwa m'tauni, ndipo ndi ubale weniweni umenewo. Koma foni imakonda chithunzi chimodzi chosavuta kuzindikira. Mngoni wa pa Facebook ndi TikTok wavala chikopa ndi nthenga, m'manja muli chipanda, ndipo pansi pake pali nthabwala ya mowa ndi nyama. Zovala za tsiku limodzi pachaka zasanduka munthu yense. Ofufuza anapeza kalekale kuti anthu amaona a gulu lawo ngati osiyanasiyana, koma a gulu lina ngati ofanana onse, ndipo makina osankha zoti tione pafoni amakankhira patsogolo zomwe zaseketsa ambiri. Choopsa n'chakuti eniake amayamba kuvala nthabwalayo. Ndamvapo mnyamata akudzikhululukira uchidakwa ponena kuti ndi chikhalidwe, pomwe kale pakati pa Angoni mowa unali wa madoda, ndipo mnyamata wa msinkhu woweta ng'ombe sankayandikira chipanda. Chithunzi chimenecho chilibenso malo a mlimi wa kachewere, namwino, kapena Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kudzakhala mfumu mu 2003, n'kudziwika dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu.

Amene akuphunzitsa Chingoni ndikuwayamikira, ndipo mwana wofuna kumva tanthauzo la nyimbo za ngoma aphunzire ndithu. Chokhacho, chisasanduke mayeso a pakhomo oti wolephera abwerere. Chomwe chikutha mofulumira kuposa mawu a Chingoni ndi mbiri za mabanja: mfunda uwu unalowa liti, gogo uja anachokera kuti, anakwatiwa bwanji kwa Champiti, n'chifukwa chiyani banja ili limaika maliro mosiyana ndi loyandikana nalo. Zimenezi zili m'mitu ya amayi okalamba, zili m'Chichewa, ndipo foni yomwe imajambula zikopa ku Nkolimbo ikhoza kuzijambula pakhonde madzulo amodzi. Ophunzira anga ndikawatuma ntchito imeneyi, ambiri amabwera atapeza Mntumba, Mchewa kapena munthu wa tsidya la Mozambique mwa agogo awo anayi.