Musanaike galasi lodulitsa pa side mirror, werengani izi

Ife ophunzitsa anthu kuyendetsa motoka muno mu Lusaka timaona kawirikawiri, side mirror ikasweka kapena akuba akaizula, munthu amangopita kwa odula magalasi amudulile kachidutswa, amata ndi guluu basi. Kutchipa kumatchipadi. Vuto ndiloti galasi limenelo ndi lafulati ngati la kubafa, pomwe lomwe linabwera ndi motoka zambiri zochoka ku Japan limakhala lotukuka pang'ono pakati.

Kutukukako kuli ndi ntchito. Kumapangitsa galasi kutenga malo aakulu, mumaona lane yonse yapambali mpaka njinga yomwe ikubwera cha kumphepete. Lafulati limaonetsa kampata kochepa chabe, ndiye blind spot, malo apambali omwe simuwaona m'galasi, imakula, minibus yonse ikhoza kubisala pambali panu pa Lumumba Road inu osaiona mpaka conductor amenye chitseko. Mbali yoopsa kwambiri ndi yakumanzere, poti kuno timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, galasi lakumanzere lili kutali ndi maso anu ndipo ndi komweko komwe ma minibus amatulukira akanyamula anthu.

Koma lotukukalo nalo lili ndi kachinyengo kake. Limachepetsa zinthu, ndiye motoka imaoneka ngati ikadali kutali pamene yafika kale. N'chifukwa chake motoka za ku America zimakhala ndi mawu ochenjeza olembedwa pa galasi la mbali ya passenger. Pa Great East Road ukafuna kusintha lane, yang'ananso galasi lamkati loonera kumbuyo, ilo ndi lafulati ndipo mtunda limanena zoona, kenako cheuka pang'ono.

Manje kachunidwe. Ambiri amachuna kuti aziona chitseko chakumbuyo cha motoka yawo yomwe, sindidziwa kuti amaopa chithawa kapena bwanji. Galasi lam'mbalilo likankhireni kunja mpaka mbali ya motoka yanu isowe m'galasimo mutakhala bwinobwino pampando. Injiniya wina George Platzer analemba za njira yotere mu 1995, kuti motoka ikamachoka m'galasi lamkati izilowa m'lam'mbali popanda kusowa pakati.

Ndipo kagalasi kakang'ono kaja ka kutsogolo kumanzere pa ma Prado ndi ma Hilux Surf musakachotse ati kakuipitsa motoka. Kamaonetsa pansi pafupi ndi tayala, pomwe mwana wamfupi saoneka muli pampando, makamaka potuluka pa geti m'makomboni.