Bambo akamapita ku uphungu, mayi amamva zoona kwa yani?

Khoti likalamula bambo wochita nkhanza m'banja kuti azipita ku uphungu wa gulu, mkazi wake mtima umakhala m'malo. Amati mwina tsopano asintha. Ena amene anathawa amabwerera kunyumba chifukwa cha zimenezi basi. Ife amene timatsogolera magulu a abambowa nthawi imeneyi timaiopa, chifukwa munthu akhoza kubwera mlungu uliwonse, n'kumayankha mwaulemu, pamene kunyumba akulanda foni ya mkazi wake ndi kumuwerengera mphindi akangotuluka panja. M'chipinda chathu timamva mbali imodzi yokha.

N'chifukwa chake pamafunika mthandizi woima kumbali ya mayi. Ku Duluth, m'boma la Minnesota ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anayamba kugwirizanitsa apolisi, makhoti, nyumba zothawirako amayi ndi magulu a abambo, poika chitetezo cha wozunzidwa patsogolo. Ku Colorado, boma lina la ku America komweko, bungwe loona za uphungu wa abambo ochita nkhanzawa linakhazikitsidwa mu 2000, ndipo malamulo ake amafuna kuti mthandiziyu agwire ntchito limodzi ndi mlangizi komanso woyang'anira wolakwayo.

Ntchito ya mthandiziyu si kuyanjanitsa banja ayi. Akaimba foni amayamba ndi funso lakuti, "Mayi, muli nokha? Tingayankhule pano?" Kenako amawauza mosabisa kuti kumaliza maphunziro si umboni woti munthu wasintha. Amakonza nawo kothawira, kosunga zitupa ndi mankhwala a ana, ndi amene angamuimbire usiku. Amawachenjezanso kuti nthawi yosiyana ndi mwamuna ndi imene ngozi imakula. Mayi akakana kuyankhula naye, ndi ufulu wake.

Chimene chimandilemera kwambiri ndi chinsinsi. Tinene kuti mayi waulula kuti usiku wathawu anamukanyanga pakhosi, chomwe ndi chizindikiro choopsa kwambiri. Ine ndikakalowa m'gulu n'kumufunsa bamboyo mwachindunji, adziwa pompo kumene ndamva, ndipo wolipira madzulo amenewo ndi mayi uja. Choncho mthandizi amagwirizana ndi mayiyo kuti n'chiyani chifike kwa ife, ndipo chifike bwanji. Amamuuziratu pachiyambi kuti moyo wa munthu kapena wa mwana ukakhala pangozi, sangakhale chete. Nthawi zina ine ndimangouzidwa kuti, "Uyu musamuchepetsere masiku," ndipo sindifunsa chifukwa chake.