Mafunso atatu a pa kauntala ya nkhuku ndi tchipisi

Loweruka lina la kumapeto kwa mwezi ndinaima pa mzere mu lesitilanti ina ya nkhuku ndi tchipisi m'tauni muno mu Harare. Patsogolo panga panali agogo ena ndi kamdzukulu kawo. Ndinadziwa kuti ndi akwathu chifukwa kamwanako kankakoka chitenje chawo n'kumati, "Agogo, ine ndikufuna ntchafu." Agogowo anali atafumbata madola asanu opindapinda. Anaitanitsa nthuli ziwiri za nkhuku ndi tchipisi. Mtsikana wa pa kauntala anamwetulira n'kufunsa kuti chakumwa chikhale Fanta kapena Coke. Anati Fanta. Anafunsanso ngati tchipisicho achikulitse, poti n'kungowonjezera pang'ono. Anavomera. Pofika pa chenji, mtsikanayo anati masenti alibe, bwanji mwanayo angomupatsa ayisikilimu. Madola asanu aja anathera pomwepo. Potuluka ndinawamva akuuza mwanayo za ndalama yokwerera minibasi kuti, "Ya kombi ndiye tikapempha kwa amalume ako."

Ndagwira ntchito m'malesitilanti otere kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya ntchito yanga inali kuphunzitsa anyamata ndi atsikana a pa kauntala. Mafunso atatu aja ndimawadziwa bwino. Mtsikanayo sanawaganize yekha. Anawaphunzira asanagwire n'komwe makina olandirira ndalama. Pa ntchito timangoti upselling, kutanthauza kukopa munthu amene wabwera kale kudzagula kuti atenge chachikulu kapena awonjezere china chimene sanabwerere.

Chifukwa chake chili m'masamu a lesitilanti. Lendi, magetsi, dizilo wa jenereta magetsi akazima, malipiro a antchito, zonsezi zimalipiridwa kaya kasitomala wagula za dola imodzi kapena za madola khumi. Nkhuku nayo ndi yodula, phindu lake ndi lochepa. Koma mbatata yowonjezera pa tchipisi, ayisikilimu wa pa makina ndi chakumwa sizidya ndalama zambiri kuti zifike m'manja mwanu. Ndiye 50 cents imene mwawonjezera ija, gawo lalikulu limakhala phindu. Tiyerekeze kuti nthambi imodzi imalandira anthu 1,000 pa tsiku ndipo aliyense wawonjezera 50 cents. Ndi madola 500 pa tsiku, pafupifupi 15,000 pa mwezi, popanda kasitomala watsopano ngakhale mmodzi. N'chifukwa chake manijala akamatseka madzulo sayang'ana ndalama zonse zokha. Amayang'ananso kuti lisiti limodzi likumakwana zingati, komanso kuti ndani mwa antchito malisiti ake akutuluka onenepa.

Luso limeneli linakulira ku America, kumene McDonald's inazoloweretsa anthu kufunsidwa ngati akufuna tchipisi pa chilichonse chimene agula. Inafika pogulitsa tchipisi ndi zakumwa za saizi yaikulu zedi imene inkatchedwa Supersize, ndipo inaisiya mu 2004 anthu akudandaula za kunenepa. Kuno lesitilanti ya Chicken Inn inayamba mu 1987 mu Harare momwemuno, ndipo kampani imene imaiyendetsa lero, Simbisa Brands, inadzaima payokha kuchoka ku kampani ya Innscor mu 2015. Mukalowa malo awo ambiri mumapeza Chicken Inn, Pizza Inn ndi Creamy Inn pansi pa denga limodzi. Banja limene labwerera nkhuku limadutsa pa fungo la pizza ndi chithunzi cha ayisikilimu lisanatuluke pakhomo, wina asanalankhule n'komwe.

Koma zenizeni zili m'kafunsidwe. Wantchito watsopano aliyense ndinkamuletsa kufunsa kuti, "Mukufunanso china?" Yankho la funso limenelo ndi ayi, ndipo limabwera lokha. Ankayenera kutchula chinthu chimodzi, n'kuchifunsa ngati kuti mwavomera kale: "Chakumwa chikhale chiti?" Mukamva choncho mutu wanu umayamba kusankha pakati pa Fanta ndi Coke, funso loti kodi chakumwacho mukuchifuna ladumphidwa. Chachiwiri, mtengo wonse sautchula, amangotchula kusiyana. "Mungowonjezera 50 cents" zimamveka zopepuka kuposa "zonse zikwana madola anayi ndi theka", chonsecho ndi ndalama imodzimodzi. Chachitatu ndi nthawi yofunsira: chikwama mwatsegula kale, njala yakugwirani, ndipo kumbuyo kwanu kuli anthu khumi amene akudikira kuti muchoke.

Apa pali chinthu chimene chimatigwira ife makamaka. Tinaleredwa kuti munthu akakulonjera ndi chakudya sukana, ndipo ukakana umapepesa. Mtsikana waulemu akamwetulira n'kunena kuti "ndikuikireni", m'makutu mwa agogo aja zimamveka ngati mwana wamakhalidwe akuwapatsa mbale. Pali ndi manyazi oti anthu a pa mzere angaone ngati ndalama zaperewera. Ndaona abambo ambiri akuvomera chachikulu chifukwa choti ana awo akuwayang'ana. Koma iyi si mbasela ya mayi wa tomato ku msika wa Mbare Musika, amene amakuponyerani awiri apamwamba kuti mudzabwerenso. Apa chowonjezeracho mukulipira ndinu.

Yang'ananinso bolodi la mitengo. Kawirikawiri pamakhala saizi zitatu. Tiyerekeze kuti tchipisi chaching'ono ndi dola imodzi, chapakati $1.80, chachikulu madola awiri. Chapakaticho sanachiikire kuti chizigulidwa kwambiri. Ntchito yake ndi kuchititsa kuti chachikulu chioneke chotchipa. Mu 1982 akatswiri atatu ku America, Joel Huber, John Payne ndi Christopher Puto, anasonyeza kuti kuika chinthu chachitatu chosakopa pambali pa zinthu ziwiri kumasintha chimene anthu amasankha. Munalowa mukufuna cha dola imodzi, mwatuluka mwalipira awiri, mukumvanso kuti mwapindula.

Sindikunena kuti zonse ndi msampha. Combo, kapena kuti kugula zonse pamodzi pa mtengo umodzi, imatchipadi ngati nkhuku, tchipisi ndi chakumwa munkazifuna zonse zitatu musanalowe. Pizza ziwiri pa mtengo wa imodzi Lachiwiri, zija za Terrific Tuesday, zimathandiza banja la anthu asanu ndi mmodzi. Munthu mmodzi amene amangofuna kuphera njala, yachiwiriyo adzaidya chifukwa choti ilipo.

Funso lachitatu lija, la chenji, ndi lathulathu la kuno. Chiyambire 2009 pamene dziko linayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America, ndalama zachitsulo zakhala zikusowa. Ndalama zachitsulo zotchedwa ma bond coin zinabwera mu 2014, ndalama yatsopano ya dziko lino yotchedwa ZiG inabwera mu April 2024, koma chizolowezi cholandira masiwiti kapena kabisiketi m'malo mwa chenji chinakhazikika. Nthawi zambiri wa pa kauntala amanena zoona, masentiwo alibedi. Komabe mitengo ikamathera pa 50 cents m'dziko limene 50 cents ndi yosowa, mapeto ake amadziwika: ndalama yanu yotsala isanduka chakudya. Kumayiko ena wogulitsa amachita kukunyengererani. Kuno amangofunika kunena kuti chenji palibe, ndipo 50 cents imeneyo kwa munthu wa ku Mufakose kapena Mabvuku, madera a kunja kwa tauni, ndi gawo la mtengo wa ulendo wobwerera kunyumba.

Chimene chimandiwawa kwambiri si ndalama koma thupi. Mu 2017 bungwe la Royal Society for Public Health ku Britain linapeza kuti anthu ovomera kukulitsa chakudya amalipira ndalama zochuluka ndi 17 pa 100 alionse, koma ma calorie, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, amene amadya amachuluka ndi 55 pa 100 alionse. Zakumwa zotsekemera zambiri zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, ndiye botolo la 500ml lili ndi magalamu 50 kapena kuposerapo, masupuni aang'ono oposa khumi. World Health Organization imalangiza kuti shuga wotere asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya, amene kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 pa tsiku. Botolo limodzi lamaliza zonse. Boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa mu 2024, koma msonkho suima nanu pa kauntala. Ndipo m'mabanja athu ndani alibe wachibale wodwala shuga kapena BP?

Chonde musamakalipire mtsikana wa pa kauntala. Kumalo kumene ndinkagwira ntchito, amene sankafunsa ankaitanidwa ku ofesi, ndipo nthawi zina kunkabwera munthu wodzionetsa ngati kasitomala kudzaona ngati funsolo lafunsidwa. Mtsikanayo akuteteza ntchito yake. Komanso ankaphunzitsidwa kuti munthu akakana kamodzi asamuumirize, chifukwa kasitomala wokwiya sabwerera. Choncho "ayi, zikomo, basi zomwezo" amakwana, ndipo sakhumudwa nazo, amazimva kambirimbiri tsiku lililonse. Akanena kuti mungowonjezera pang'ono, funsani kuti zonse pamodzi zikwana zingati, kuti mumve nambala yeniyeni. Ngati muli ndi EcoCash, njira yolipirira pa foni, kapena khadi, lipirani ndalama yeniyeniyo, nkhani ya chenji ithera pomwepo.

Kwa amene mumapita ndi ana, nkhaniyi ikambeni mukadali mu kombi. Mchemwali wanga amauza ana ake asanatsike kuti, "Lero ndi nkhuku ndi tchipisi, madzi ndatenga m'chikwama, ayisikilimu tidzagula pa Khirisimasi." Akafika pa kauntala n'kufunsidwa za chakumwa, amene amayankha ndi mwana wake wamng'ono, wa zaka zisanu ndi ziwiri: "Amayi anyamula madzi."