"Amen" si dzina la mulungu wa ku Iguputo

Funso ili ndatopa nalo. Chaka chilichonse m'kalasi langa la Chiheberi mumapezeka wina wobwera ndi kavidiyo ka pa WhatsApp konena kuti tikamati "Amen" timakhala tikuitana Amun, mulungu wa Aiguputo. Ndi bodza, ndipo olifalitsa sanatsegulepo buku la Chiheberi ngakhale tsamba limodzi.

Tsinde la mawuwa ndi zilembo zitatu, alef, mem ndi nun, ndipo limanena za chinthu cholimba, chosagwedera, choti munthu n'kutsamirapo. Werengani Eksodo 17:12. Manja a Mose atalema, Aroni ndi Huri anamukhazika pamwala n'kugwiriziza manjawo, wina uku wina uku, ndipo manjawo anakhala emunah, osagwedera, mpaka dzuwa kulowa. Liwu lomweli ndi limene m'mavesi ena limatanthauza kukhulupirika. Pa Yesaya 22:23 chikhomo chakhomedwa pamalo ne'eman, posasukusika. Choncho woyankha "Amen" akunena kuti: nzoona, zakhazikika, ndavomereza.

Tsindeli si la Aheberi okha. Lilimo m'Chiaramu, m'Chigiizi cha ku Ethiopia, komanso m'Chiarabu, momwe iman ndi chikhulupiriro ndipo amana ndi chinthu chimene wakusungitsa mnzako. Abale athu Asilamu akamaliza Al-Fatiha, chaputala choyamba cha Kurani, amati "Amin".

Nanga Amun? Dzina lake m'chinenero cha Aiguputo limatanthauza wobisika. Kumveka mofanana si ubale. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga kugolosale n'chimodzi ngati? Yeremiya ankamudziwa bwino mulungu ameneyu. Pa 46:25 akulengeza chilango pa Amoni (Amun) wa ku No, mzinda wa ku Iguputo, pomwe pa 28:6 Yeremiya yemweyo akuyankha yekha kuti "Amen".

Chimene chimandiwawabe ndi nkhani ya agogo ena a kumpingo kwathu. Mdzukulu wawo anawaonetsa kavidiyo kaja, iwo n'kuleka kuyankha "Amen". Pemphero likatha ankangotseka pakamwa, maso ali pansi, poganiza kuti moyo wawo wonse akhala akupembedza fano osadziwa. Anakhala ndi mantha amenewo miyezi yambiri osauza munthu, pomwe abusa akanawamasula tsiku lomwelo. Chonde, zoterezi musamagone nazo. Funsani munthu woti anaphunziradi chinenerocho, ndipo wokuuzani kuti watulukira "chinsinsi chimene mipingo imabisa" mumufunse kuti akuwerengereni vesi limodzi lokha m'Chiheberi.

Pali ngozi ina imene sitiiona. Pa Deuteronomo 27:15-26 Alevi akutchula matemberero 12, ndipo lililonse anthu onse akuliyankha kuti "Amen", kutanthauza kuti tikalakwira zimenezi zitigwere. Ndi mawu odzimanga nawo. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona anthu mazanamazana akulemba "Amen" pa Facebook pansi pa uthenga wa mneneri wosadziwika, wolonjeza galimoto mawa lomwe, amene kumapeto kwake waika nambala yotumizirapo ndalama.