Utsi wa ku Balad ndi maapilo a asilikali odwala mapapo ku America

Pa 10 Ogasiti 2022 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo la PACT Act, lothandiza asilikali a America amene anadwala chifukwa cha utsi ndi zinthu zina zapoizoni ali pa ntchito, ndipo tsikuli likamakumbukiridwa ambiri amalankhula ngati mkangano wa asilikali opuma pa ntchito odwala mapapo ndi unduna wowasamalira wa VA unathera pomwepo. Komatu maapilo akadalipo, kungoti chimene akukanganirana chinasintha.

Chiyambi chake ndi madzala. Pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, misasa ya asilikali a America inkataya zinyalala zonse m'maenje akuluakulu n'kuziyatsa ndi mafuta a ndege: mapulasitiki, matayala, mabatire, penti, zotsala za kuchipatala ngakhalenso zonyansa za m'zimbudzi. Dzala la pa msasa wa Balad ku Iraq linali lalikulu maekala pafupifupi 10 ndipo linkafuka usana ndi usiku. Mu Disembala 2006 mkulu wina wa asilikali a m'ndege, Darrin Curtis, analemba kalata yochenjeza kuti utsiwo unali woopsa ku thanzi la anthu a pamsasapo, koma moto sunazime.

Msilikali wofuna chipukuta misozi ankayenera kuonetsa kuti akudwaladi, kuti china chake chinamuchitikira ali pa ntchito, ndiponso kuti chimenecho ndicho chinabweretsa matendawo. Ambiri ankagwera pa mfundo yomalizayi. Malinga ndi ziwerengero za VA yomwe, pa madandaulo oposa 12,000 okhudza madzalawa amene anafika pakati pa 2007 ndi 2020, ovomerezedwa sanakwane 3,000. Wokanidwa ankatha kukadandaula ku Board of Veterans' Appeals, bungwe la VA lomva maapilo, kenako ku khothi lapadera la asilikali opuma limene linakhazikitsidwa mu 1988, koma apilo inkatenga zaka, ndipo kulikonse ankamufunsa umboni womwewo umene analibe.

Kwa ine nkhaniyi inatembenukira ku chipatala cha yunivesite ya Vanderbilt ku Nashville, kumene dokotala wa mapapo Robert Miller anayamba kulandira asilikali ochokera ku msasa wa Fort Campbell ku America komweko. Anali anyamata amene kale ankathamanga mamailosi awiri a mayeso a usilikali mosavuta, koma atabwerera ku nkhondo befu ankawagwira msanga moti ankalephera kumaliza m'nthawi yake. Akawaunika pachifuwa sankapeza kanthu, ndipo akawauza kuti auzire mpweya m'makina oyezera mapapo, zotsatira za ambiri zinkaoneka ngati za munthu wabwinobwino. Miller ndi anzake anachita zimene madokotala ambiri akanazengereza, zochita opaleshoni n'kudula kachidutswa ka mapapo kuti akakaone pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Zotsatira zinatuluka mu 2011 m'magazini ya New England Journal of Medicine: mwa asilikali 80 amene anapimidwa, 49 anadulidwa kachidutswako, ndipo 38 anapezeka ndi matenda a constrictive bronchiolitis, amene amachititsa zipsera mu tinjira ting'onoting'ono ta mpweya mpaka tinjirato kuchepa, ndipo alibe mankhwala ochiritsa.

Umboni umenewu uli ndi malire ake, ndipo sibwino kuwabisa. Mwa anthu 38 aja, 28 anapuma utsi wa moto umene unabuka pa mgodi wa sulufule wa Mishraq kufupi ndi mzinda wa Mosul ku Iraq mu 2003, kotero sitinganene kuti madzala okha ndiwo anawavulaza. Chaka chomwecho cha 2011, bungwe la akatswiri a zaumoyo la Institute of Medicine linanena m'lipoti lake kuti panalibe umboni wokwanira wolumikiza madzala ndi matenda okhalitsa, ndipo linaloza chala fumbi ndi kuipa kwa mpweya wa m'deralo. VA inatsamira kwambiri pa lipotili. Komabe lipotilo silinanene kuti utsi unalibe vuto. Linadandaula kuti zoyeza mpweya zimene linapatsidwa zinali zoperewera. Amene akanayeza mpweyawo mokwanira ndi boma, ndiye n'zovuta kumvetsa kuti kuperewerako kuzilipiridwa ndi msilikali amene anangogona pamene anamuuza kuti agone.

Zaka khumi zotsatira zinadutsa ndi kaundula wa okhudzidwa amene anatsegulidwa mu 2014, ndiponso kusintha kwa njira za apilo mu 2019, zomwe zinafupikitsa mizere osasintha funso. Amene sanatope ndi Le Roy Torres, yemwe anadwala mapapo atachokera ku Balad, ndi mkazi wake Rosie, amene anayambitsa bungwe la Burn Pits 360. Kumapeto kwa Julaye 2022 bilu ya PACT Act inakanika mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku America, asilikali opuma anagona pa masitepe a Capitol, kumene aphungu amakumana, masiku angapo, ndipo pa 2 Ogasiti inadutsa ndi mavoti 86 kwa 11. Lamuloli linatchedwa dzina la Heath Robinson, msilikali wa ku Ohio amene anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 2020.

Chimene lamuloli linachita ndi kutengera njira imene inagwiritsidwa ntchito mu 1991 kwa asilikali a America amene anamenya nkhondo ku Vietnam, okhudzidwa ndi mankhwala opha zomera a Agent Orange. Munthu amene anagwira ntchito ku Iraq, Kuwait kapena Saudi Arabia kuyambira pa 2 Ogasiti 1990, kapena ku Afghanistan kuyambira pa 11 Seputembala 2001, akapezeka ndi amodzi mwa matenda oposa 20 olembedwa, monga mphumu imene inayamba atasiya ntchito, matenda okhalitsa obanikitsa a COPD ndi emphysema, kapena constrictive bronchiolitis, boma limangovomereza kuti ntchitoyo ndiyo inamudwalitsa. Amene anakanidwa kale analoledwa kudandaulanso.

Mkangano wa lero uli pa maperesenti. VA imayika chilema cha munthu pakati pa 0 ndi 100 peresenti, ndipo ndalama ya pamwezi imatsatira nambala imeneyo. Pa matenda ambiri a mapapo nambalayo imachokera ku makina ouziramo mpweya, omwe aja analephera kuona vuto la anyamata a ku Fort Campbell. Motero pali asilikali amene boma lawavomera kuti anadwalira ku nkhondo, koma n'kuwapatsa 0 peresenti, kutanthauza kuti palibe ndalama ya pamwezi. Apilo yawo tsopano ndi yoti aonetse kukula kwa matenda amene amaoneka bwino pokhapokha dokotala atadula mapapo, opaleshoni imene madokotala ambiri safuna kuichita pa munthu chifukwa cha pepala la chipukuta misozi chabe.